Zowawasa ndi Zoterera: Asidi ndi Alikali Pakhomo

Mayi akafuna kuphika therere, amatentha zitsononkho kapena makoko a nyemba, natenga phulusa lake n'kuliika m'chitini chobooleza kunsi. Akathiramo madzi, pansi pamadontha madzi ofiirira amene aliyense amawadziwa kuti ndi chidulo. Madziwo amaterera ku zala ngati sopo, ndipo akachuluka m'ndiwo amayabwa pakhosi. Mayi yemweyo akafinyira ndimu m'tiyi wopanda mkaka, tiyiyo amayera pang'ono nayamba kuwawasa. Chidulo ndi ndimu zikuimira magulu awiri a zinthu amene akatswiri a sayansi amawatcha alikali ndi asidi. Magulu awiriwa ali m'khitchini, m'sitolo ndiponso m'thupi la munthu. Mphamvu yake ikakhala yochepa, amakhala chakudya kapena mankhwala. Ikakhala yaikulu, amatentha thupi ngati moto. Banja lodziwa kusiyana kumeneku limaphika ndiwo zopatsa thanzi, limasunga mano ake, ndipo limadziwa chochita tsiku limene mwana wamwa zoopsa.

Asidi n'chiyani?

Mawu akuti asidi adachokera ku Chilatini ndipo amatanthauza chinthu chowawasa. Pafupifupi chakudya chilichonse chowawasa chili ndi asidi. Mandimu ndi malalanje ali ndi asidi wotchedwa citric, bwemba ali ndi wotchedwa tartaric, viniga ali ndi wotchedwa acetic, pamene chambiko ndi thobwa logona zili ndi wotchedwa lactic. Malambe, masau ndi mango osapsa nazonso zili m'gulu lomweli. Onsewa ndi maasidi ofooka amene thupi limawalandira popanda vuto.

Koma alipo ena amphamvu kwambiri. Madzi a m'batire la galimoto kapena la sola ali ndi asidi wotchedwa sulphuric, amene amaboola nsalu ndi kudya chitsulo. Mankhwala ena otsukira zimbudzi za madzi ali ndi asidi wotchedwa hydrochloric. Amenewa salawidwa ngakhale dontho limodzi.

Nanga alikali n'chiyani?

Mawu akuti alikali adachokera ku Chiarabu ndipo poyamba ankatanthauza phulusa la zomera. Motero chidulo ndicho alikali amene anthu adayamba kumudziwa kalekale. Ana a sukulu amaphunzira gulu limeneli ndi dzina lakuti besi, ndipo alikali ndi besi amene amasungunuka m'madzi. Zinthu za gulu limeneli siziwawasa, koma zimawawa ndipo zimaterera. Kuterera kumeneku kuli ndi chifukwa chake: alikali akakumana ndi mafuta amawasandutsa sopo, choncho akagwera pakhungu amayamba kusungunula mafuta a khungulo. N'chifukwa chake sopo amapangidwa posakaniza mafuta ndi alikali.

Ofooka m'gulu limeneli ndi soda wophikira ndi sopo wosambira. Amphamvu ndi laimu, simenti yonyowa, mankhwala oyeretsera zovala monga Jik, ndiponso kositiki soda amene amapangira sopo. Anthu ambiri amaopa asidi koma alikali samuopa. Kunena zoona, kositiki soda ndi woopsa mofanana ndi madzi a m'batire, ndipo m'maso ndi kum'mero amalowerera m'mnofu kuposa asidi.

Chimene chimachitika m'madzi

Madzi adapangidwa ndi zinthu ziwiri, haidirojeni ndi okosijeni. M'zaka za m'ma 1880, katswiri wa ku Sweden dzina lake Svante Arrhenius adafotokoza kuti asidi akalowa m'madzi amatulutsa tizidutswa ta haidirojeni tosaoneka ndi maso. Tizidutswa timeneti ndi timene lilime limamva ngati kuwawasa, ndipo ndi timenenso timadya chitsulo. Asidi wofooka amatulutsa tochepa, pamene wamphamvu amatulutsa pafupifupi tonse timene ali nato nthawi imodzi. Alikali amachita mosiyana: iye amatola tizidutswa ta haidirojeni n'kutichotsa m'madzimo.

M'chaka cha 1909, katswiri wa ku Denmark, Søren Sørensen, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Copenhagen, adakonza muyeso wosonyeza kuchuluka kwa tizidutswa timeneti. Muyesowo umatchedwa pH ndipo umayambira pa 0 kufika pa 14. Madzi oyera opanda kanthu ali pakati, pa 7. Chilichonse chochepera 7 ndi asidi, ndipo choposa 7 ndi alikali. Madzi a m'batire ali pakati pa 0 ndi 1, madzi a ndimu pafupi ndi 2, viniga pafupi ndi 3, chambiko pakati pa 4 ndi 5, ndipo mkaka wongokama kumene uli pansi pa 7 pang'ono. Kumbali inayo, soda wophikira wosungunula ali pafupi ndi 8, sopo wamtanda pafupi ndi 10, madzi a laimu pafupi ndi 12, ndipo kositiki soda amafika pa 14.

Chofunika kukumbukira n'chakuti nambala iliyonse imasiyana ndi inzake kakhumi. Chinthu cha pH 2 chili ndi tizidutswa ta haidirojeni tochuluka kakhumi kuposa cha pH 3, ndiponso ka 100 kuposa cha pH 4. Motero soda wophikira ndi kositiki soda, ngakhale onse amatchedwa soda ndipo onse ndi oyera, ndi otalikirana mphamvu monga nyali ya koloboyi ndi moto wolusa.

Kuchipatala amayeza pH ya mkodzo ndi timapepala tosintha mtundu. Kumudzi munthu angathe kuona zomwezo ndi chidede. Akawiritsa chidede chofiira, agawe madzi ake m'makapu awiri. M'kapu imodzi afinyiremo ndimu, ndipo madziwo adzafiira mowala. M'kapu inayo athiremo chidulo, ndipo adzada n'kuyamba kubiriwira.

Ziwirizi zikakumana

Asidi ndi alikali akasakanizidwa amathetsana mphamvu. Chimene chimatsala ndi madzi ndi mtundu wina wa mchere. Chitsanzo chodabwitsa ndi ichi: asidi wa hydrochloric ndi kositiki soda, amene aliyense payekha angathe kupha munthu, akasakanizidwa pa muyeso woyenera amasanduka madzi ndi mchere wothira m'ndiwo. Soda wophikira akakumana ndi chinthu chowawasa amachita thovu chifukwa pamatuluka mpweya, ndipo mpweya umenewu ndi umene umathandiza kutupitsa chigumu ndi chikondamoyo.

Koma pali chinthu china chimene chimatuluka ziwirizi zikakumana, ndicho kutentha. Zikakhala zamphamvu, kutenthako kumakhala kwakukulu. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri pa chithandizo choyamba cha munthu wopsa ndi mankhwala.

M'mimba ndi m'kamwa

Mimba ya munthu imapanga yokha asidi wa hydrochloric, ndipo pH ya m'mimba imakhala pakati pa 1 ndi 3. Asidi ameneyu amathandiza kugaya nyama, nsomba ndi nyemba, ndiponso amapha tizilombo tambiri tolowa ndi chakudya. Kachilombo ka kolera kamaopa asidi, choncho tambiri timafera m'mimba momwemo tisanafike m'matumbo. Mimbayo siipsa chifukwa m'kati mwake muli chinanda chokhuthala chimene chimaiteteza.

Asidiyu akabwerera kum'mero, kumene kulibe chitetezo chotere, munthu amamva chilungulira. Vutoli limavuta kawirikawiri amayi oyembekezera, anthu onenepa, osuta fodya, akumwa mowa ndiponso amene amagona atangodya kumene. Mankhwala a chilungulira operekedwa kuchipatala, monga magnesium trisilicate, ndi besi wofooka amene amathetsa mphamvu ya asidi wina. Anthu ena amasungunula soda wophikira n'kumwa. Mpumulo umabwera msanga, koma chizolowezichi n'choipa, pakuti soda ali ndi sodiyamu wambiri monga mchere, ndipo sayenera kwa odwala matenda othamanga magazi, a mtima, a impso ndi amayi oyembekezera. Njira yabwino ndi kudya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, kudikira maola awiri kapena atatu asanagone, ndi kukweza kumutu kwa pogona.

Kale anthu ankakhulupirira kuti zilonda za m'mimba zimayamba chifukwa cha asidi ndi nkhawa zokha. M'chaka cha 1982, madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, adapeza kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kamene kamakhala m'mimba ndi kufooketsa chitetezo chake. Masiku ano zilonda zambiri zimachizika ndi mankhwala opha kachilomboka pamodzi ndi ochepetsa asidi. Choncho munthu womva kupweteka m'mimba kwa masabata angapo, wosanza magazi kapena wochita chimbudzi chakuda ngati phula apite kuchipatala, asamangodalira soda. Asipirini nayenso ndi asidi ndipo amafooketsa chitetezo cha mimba, motero wodwala zilonda za m'mimba asamwe popanda kuuzidwa ndi dokotala.

M'kamwa namonso muli nkhondo yomweyi. Tizilombo tokhala m'mano timadya shuga n'kutulutsa asidi. Pamene pH ya pa dzino yatsika kupitirira 5.5, chikutu cholimba cha dzinolo chimayamba kusungunuka. Malovu amathetsa asidiyo pang'onopang'ono, koma amafuna nthawi yokwana theka la ola kapena kupitirira. Mwana amene amangokhalira kumung'unya maswiti ndi kumwa zozizilitsa kukhosi tsiku lonse sapatsa malovu mpata wogwira ntchito yake, ndipo mano ake amabooka. Kutsuka mano m'mawa ndi madzulo ndi mankhwala okhala ndi fluoride kumalimbitsa chikutucho. Dzino likamapweteka, ndi kulakwa kuikapo asipirini kapena dontho la madzi a m'batire, pakuti zimenezi zimatentha nkhama, dzino lili chibookere.

Magazi ndi kutsegula m'mimba

Magazi a munthu wathanzi ali ndi pH ya pakati pa 7.35 ndi 7.45, ndipo thupi silifuna kuti achoke pamenepa. Mapapo ndi impso ndizo zimasunga muyeso umenewu usana ndi usiku. Chifukwa cha ichi, palibe chakudya kapena madzi ogulitsidwa amene angasandutse magazi kukhala alikali n'kuchiza matenda, monga momwe mauthenga ena a pa WhatsApp ankanenera pa nthawi ya COVID-19 mu 2020.

Komabe matenda ena amasokoneza muyesowu. Munthu wotsegula m'mimba kwambiri amataya madzi, mchere ndiponso alikali wa m'matumbo. Zikatero asidi amachuluka m'magazi, ndipo wodwalayo amayamba kupuma mozama ndi mofulumira. Chizindikiro chimenechi chikaoneka mwa mwana, ndiye kuti moyo wake uli pangozi ndipo afike kuchipatala nthawi yomweyo. Paketi ya Thanzi ORS, kuwonjezera pa mchere ndi shuga, ili ndi potaziyamu ndi mankhwala otchedwa citrate amene amathandiza thupi kubwezera alikali wotayikayo. Paketi imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, osachepetsa kapena kuwonjezera. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, anthu oposa 1,700 adamwalira m'Malawi, ndipo chimene chimapha wodwala kolera ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi.

Soda ndi chidulo m'ndiwo

Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba ndi nyemba msanga, ndipo zimapulumutsa nkhuni. Zimachititsanso kuti ndiwo zioneke zobiriwira. Koma alikali amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, makamaka B1. Vitamini C amathandiza zilonda kupola ndiponso amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi nyemba, amene amafunika popanga magazi. Mayi woyembekezera amene ndiwo zake zonse ndi zothira soda amataya phindu lalikulu la masambawo.

Masamba anthete monga nkhwani, bonongwe, chisoso ndi mpiru safuna soda. Aphikidwe m'madzi ochepa, kwa nthawi yochepa, ndi tomato ndi nsinjiro, ndipo msuzi wake usatayidwe. Nyemba zikaviikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga popanda soda. Pophika therere, chidulo chikhale chochepa, ndipo tsiku limenelo banja lidyenso chipatso monga gwafa, papaya, lalanje kapena malambe.

Kuwawasa kwa zakudya kulinso ndi ubwino wake. Tizilombo tambiri totsegula m'mimba sitiswana bwino m'chakudya cha pH yochepera 4.5, n'chifukwa chake chambiko chimakhalitsa kuposa mkaka wongokama. Koma ndimu salowa m'malo mwa kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini. Phulusa nalo lili ndi ntchito yake. Likamawazidwa m'chimbudzi cha dzenje limachepetsa fungo ndi ntchentche, ndipo pamene sopo watha, phulusa loyera la pamoto lingathandize posamba m'manja.

Ngozi zimene zimagwera ana

Magulu ambiri a amayi adaphunzira kupanga sopo, ndipo ntchitoyi imabweretsa kositiki soda m'nyumba. Ali wouma amaoneka ngati shuga kapena mchere. Akasungunulidwa amaoneka ngati madzi akumwa ndipo alibe fungo. M'maiko monga Sierra Leone, kumene sopo wambiri amapangidwira pakhomo, zipatala zakhala zikulandira ana ambiri amene adamwa mankhwalawa poyesa madzi. Kamwedwe kamodzi kokha kamatentha kum'mero. Chilondacho chikamapola chimasiya chipsera chimene chimachepetsa njira ya chakudya, ndipo patapita masabata angapo mwanayo amayamba kulephera kumeza nsima, kenaka phala, mwina ngakhale malovu ake omwe. Kuchiza vutoli kumafuna kupita kuchipatala chachikulu kambirimbiri, nthawi zina kwa zaka.

Mabatire ang'onoang'ono ooneka ngati mabatani, a m'mawotchi, m'matochi ndi m'zidole, ali ndi ngozi yofanana. Likatsakamira kum'mero, batire lotere limapanga alikali pamalo pomwepo ndipo lingathe kutentha mnofu m'maola awiri okha.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma mwana wa zaka ziwiri sadziwa kufunsa. Udindo uli kwa makolo. Kositiki soda, madzi a m'batire ndi Jik zisungidwe m'zotengera zake zolembedwa dzina, zotseka bwino, pamalo okiya kapena pamwamba posafika mwana. Zisathiridwe m'botolo la zakumwa, m'kapu kapena m'ndowa yotungira madzi. Popanga sopo ana akhale kutali, wopangayo avale magolovesi ndi zoteteza maso, ndipo azithira kositiki soda m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu soda, chifukwa amawira n'kuthovukira kumaso. Jik asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala otsukira chimbudzi, pakuti pamatuluka mpweya wa kolorini umene umatentha mapapo.

Chithandizo choyamba

Munthu amene wamva kuti asidi ndi alikali amathetsana mphamvu angaganize kuti wopsa ndi asidi athiridwe soda, ndipo wakumwa kositiki soda amwetsedwe ndimu. Maganizo amenewa ndi oopsa. Kukumana kwa ziwirizi kumatulutsa kutentha pachilonda pomwepo, ndipo nthawi imene yatayika pofunafuna ndimu ndiyo imene mankhwala akulowerera m'mnofu. Chothandiza ndi madzi oyera ochuluka, ndi kufulumira.

Mankhwala akagwera pakhungu, zovala zonyowazo zivulidwe msanga. Ngati ndi a ufa, ayambe asasidwa ndi nsalu youma. Kenaka pamalopo pathiridwe madzi mosalekeza kwa mphindi zosachepera 20. Pachilonda pasapakidwe mafuta, mankhwala otsukira mano, dzira kapena dothi. Paphimbidwe ndi nsalu yoyera, wovulalayo n'kupita naye kuchipatala.

Akagwera m'diso, zikope zitsegulidwe ndi zala ndipo madzi athiridwe kuchokera mbali ya mphuno kupita kunja, kuti asalowe m'diso linalo. Kutsukaku kupitirire kwa mphindi 20 kapena 30, ngakhale wovulalayo akulira ndi ululu. Laimu ndi simenti zachititsa khungu amisiri ambiri amene adangopukuta diso n'kupitiriza ntchito.

Mwana akamwa mankhwalawa asasanzitsidwe, chifukwa pobwerera amatenthanso kum'mero kachiwiri ndipo angalowe m'mapapo. Asamwetsedwe ndimu, viniga, soda, mafuta ophikira kapena mankhwala azitsamba. Milomo ndi m'kamwa zitsukidwe ndi madzi, ndipo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi botolo kapena paketi ya chimene wamwacho. Kusaoneka kwa zilonda m'kamwa sikutanthauza kuti kum'mero kuli bwino. Womeza batire nayenso asadikiridwe kuti mwina lituluka lokha. Ndipo mwana amene watulutsidwa m'chipatala, akayamba kutsamwa, kuchucha dovu kapena kukana chakudya cholimba m'masabata otsatira, abwerere naye msanga njira ya chakudya isanatsekeke.

Kupewa kumaposa kuchiza. Mutu wa banja lililonse ayendere nyumba yake, aone pamene pali batire, Jik ndi soda wopangira sopo, ndipo adzifunse ngati mwana wokwawa angathe kufikapo. Wofuna kudziwa zambiri afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kapena anamwino pa tsiku la sikelo.